Chiuno cha a Nachisale ndi Ng'ombe Imodzi

Kalekale, koma osati kale lija la mauta ndi mivi, kale loti njinga zinali zitafika m'midzi, kuseri kwa phiri lina lozizira kunkakhala mayi wamasiye dzina lawo a Nachisale. Matenda awo anali chiuno. Chinayamba ngati masewera, kulasa pang'ono akawerama kuti atole nkhuni, koma m'kupita kwa zaka ululu uja unatsikira m'mwendo n'kumanga msasa. Anasiya kudimba, anasiya kutchalitchi, n'kumangokhala pamphasa pakhonde, akumeza timapiritsi ta kugolosale m'mimba mulibe kanthu.

Anabereka ana atatu. Woyamba, Dziwani, ankagwira ntchito pachigayo kumsika wa kutali. Wachiwiri, Esinala, anakwatiwa pamudzi pomwepo. Wachitatu, mwana wamkazi chitsirizira, anamwalira, n'kusiya kamwana kakakazi kongophunzira kuyenda, Tiyese, pamodzi ndi mwamuna wake Chikakuda, mkamwini wa kutsidya kwa mtsinje amene ankaluka mikeka ndi malichero. Achibale anafuna kumusudzula kuti abwerere kwawo, koma iye anapempha kuti ayambe wakhala mpaka mwana akhwime miyendo.

Chimene chinkawapweteka a Nachisale kuposa chiuno chinali Tiyese. Mwanayo ankabwera akukoka nsalu ya malemu mayi ake, n'kuwakwera kumsana kuti amubereke, ndipo iwo ankamutsitsa misozi ili m'maso. Tsiku lina, ana awo onse alipo, mwanayo anachitanso zomwezo, ndipo mayiwo analumbira.

"Amene adzandidzutse pamphasa pano, mpaka ndibereke mwana uyu ndi kuyenda naye, Chifunga ndi wake."

Chifunga inali ng'ombe yaikazi, imodzi yokhayo imene amuna awo anasiya m'khola. Dziwani anamva. Esinala anamva. Chikakuda nayenso anamva, ali kuseri kwa nkhokwe kumene ankasenda nsungwi.

Dziwani sanachedwe. Anamanga pilo pakaliyala wa njinga, n'kuwakweza mayi ake, n'kukankha njingayo mtunda wonse mpaka kuchipatala, poti kupalasa kukanawagwedeza. Adokotala atawapima ananena mosabisa kuti chiuno chotere sichitheratu, koma munthu angathe kukhala nacho bwino. Anapezanso kuti magazi awo ankathamanga, ndipo timapiritsi ta kugolosale tija tinali titayamba kuwadya m'mimba. Anawaletsa timeneto, n'kuwapatsa mankhwala ena oti azimwa akadya. Anawauzanso kuti aziyendako pang'ono, koma mawu amenewo a Nachisale anawasiya pakhomo la chipatala pomwepo. Pobwerera Dziwani anawalangiza mwamphamvu kuti zothowathowa za Esinala asiye, chifukwa akasakaniza sadzadziwa chimene chikugwira ntchito. Mayiwo anati amva. Kuyambira pamenepo mwezi ukatha iye ankabwera ndi mankhwala, kulankhula mokweza ngati akadali pachigayo, n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Akafunsa ngati mankhwala akugwira, ankamuyankha kuti, "Ndi ako omwewa, mwanangu, akundithandiza."

Esinala sanalekenso ayi. Mmawa uliwonse, mame asanakamuke, ankafika ndi mphika wa madzi ofunda, n'kuwathowa mayi ake m'chiuno ndi kansalu, kenaka n'kuwasisita ndi mafuta a nsatsi mpaka mnofu ufewe. Ankawaphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, osachoka mpaka mbale iyere. Iye mapiritsi sankawakhulupirira. Ankati amangogoneka ululu kuti udzadzuke ndi njala, ndipo anawauza mayi ake kuti akawataye kudzala, iwo azingogona phee, ntchito zonse azigwira ndi iye. Mayiwo anati amva. Koma mapiritsi aja anawasomeka mu udzu wa denga pamwamba pa chitseko, ndipo Esinala akangotembenuka iwo ankadzikoka, kutambasula mkono, n'kumwa, m'mimba muli phala la mwana yemwe anawaletsayo. Esinala akafunsa ngati kuthowa kukugwira, ankamuyankha kuti, "Ndi manja akowa, mwanangu, akundithandiza."

Nanga Chikakuda akanatani? Pamudzi pamenepo mwambo unali wolimba. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anana m'maso, sankakhala pabwalo limodzi, ndipo akakumana panjira wina ankapatukira m'tchire. Moni weniweniwo iye ankaupereka kukhoma la nyumba, n'kumafunsa kuti anthu a m'nyumba muno adzuka bwanji, mayiwo n'kuyankha akuyang'ana nkhuku. Sakanawagwira mkono, sakanawalangiza. Tsiku limene mayiwo anapita kuchipatala lija, iye anawapangira kama wamtali kuti asamadzuke kuchokera pansi, n'kukhoma nsungwi zogwirira kuyambira pakhomo mpaka kuchimbudzi. Atabwera n'kuziona, a Nachisale anauza nkhuku kuti zikathokoze mwini ntchitoyo.

Koma kenaka mkamwini uja anayamba khalidwe lachilendo. Anasiya kulukira kuseri kwa nkhokwe, n'kuyamba kubwera ndi mlaza wake patsinde pa mango, maso ndi maso ndi khonde la apongozi. Asanafike ankatsokomola, monga mwa ulemu. Akamva chifuwacho, a Nachisale sakanachitira mwina: ankaluma mano, kugwira nsungwi, n'kudzikokera kuseri kwa nyumba akung'ung'udza. Akangoti akhazikike, chifuwa chija chinkamvekanso chakuseri komweko, iwo n'kunyamukanso kulowera kukhola. Mawa lake ankapeza kuti nsungwi zogwirira zija zatalikirako, zafika pakhola. Patapita masiku zinapitirira khola n'kulunjika njira ya kudimba.

A Nachisale anasokonezeka. Munthu wokhoma nsungwi mwachifundo chotere, angakhale yemweyo wosowetsa wodwala pokhala? Anadandaulira Esinala kuti mkamwini uyu mwambo wamuthawa, ndipo Esinala anapita kukamuyambira.

"Alamu, mithunzi yonse yatha m'mudzi muno? Kapena mukufuna amayi agwe kuti mulowe m'nyumba mwawo?"

"Alamu, mlaza ukauma umathyoka," anayankha Chikakuda osadzutsa mutu. "Ine ndimangotsata mthunzi."

Miyezi inapita choncho: phala, mapiritsi a kudenga, madzi ofunda, chifuwa cha mkamwini. Ululu sunathe, koma unayamba kukhala ngati mlendo wodziwa malo ake. Tsiku lina chifuwa chija chitamveka, a Nachisale ananyamuka mwachizolowezi, ndipo Tiyese anawathamangira akulira, nsalu ija ili m'manja. Pofulumira kuthawa mkamwini, osaganizanso, anawerama, kumuponya mwanayo kumsana, kumanga nsalu, n'kumapita. Anadutsa khola. Anadutsa pamene nsungwi zinathera. Anazindikira ali kudimba, amayi othirira mpiru akuimba nthungululu, mwana ali m'tulo kumsana kwawo.

Chimwemwe chinalipo, koma pofika kunyumba lumbiro lija linali likuwadikira pakhomo. Ng'ombe ndi ya yani? Anati ayambe adekha, mwina thupi lokha liwauza.

Thupi linawauzadi, koma linangowonjezera chisokonezo. Mvula itagwa yambiri mtsinje unadzaza, Dziwani n'kuchedwa ndi mankhwala. Mutu unayamba kuwazungulira, mwendo n'kuyaka moto, ndipo anati basi, ng'ombe ndi ya Dziwani. Mankhwala atafika, mwana wa Esinala anadwala malungo, mayi ake n'kukagona naye kuchipatala. Mmawa chiuno chinkauma gwa, mapiritsi n'kumawatentha pamtima chifukwa chosowa phala, ndipo anati ayi, ng'ombe ndi ya Esinala. Esinala atabwera, Chikakuda anaoloka mtsinje kupita kumaliro kwawo. A Nachisale anapuma, anakhala pakhonde tsiku lonse popanda wowatsokomolera, akumva kukoma. Koma pamene mkamwiniyo ankabwera n'kuti miyendo italemera ngati mitondo, ndipo Tiyese anali atayambiranso kukoka nsalu yake pansi.

Mbiri yoti a Nachisale afika kudimba inali itamufika Dziwani, ndipo pa ulendo wake wotsatira anabwera ndi chingwe chatsopano. Esinala ataona chingwecho anafunsa kuti n'cha ntchito yanji. Mawu anabala mawu, mpaka onse anakhala pansi pabwalo: mayi pakhonde ndi Tiyese pamiyendo, ana awiriwo patsogolo pawo, Chikakuda chapatali atafulatira, nkhope kunkhokwe.

Dziwani anati nkhani yake ndi yachidule. Akanapanda kukankha njinga, mayi akanapitiriza kudziwononga m'mimba, ndipo matenda a magazi aja akanawagwetsa tsiku lina osadziwika n'komwe. Anawonjeza kuti mayi eni ake anamuuza kuti mankhwala ake ndiwo akuthandiza.

"Mankhwala ake ati, achimwene?" anafunsa Esinala. "Aja anatayidwa kudzala kalekale?"

A Nachisale anayang'ana pansi. Kenaka maso awo anawapereka okha, n'kuthawira kudenga. Esinala anaimirira, kupisa dzanja mu udzu, n'kutulutsa kabotolo. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye phala langa lija linali lotsitsira zimenezi?"

Dziwani anayamba kuseka, koma kuseka kunathera panjira pamene mlongo wake anamufunsa kuti ankaganiza kuti fungo la nsatsi m'nyumbamo linkachokera kuti. Esinala anati iye sankabwera mwezi ukatha ngati mlendo. Iye ndiye ankadziwa mmawa umene mayi alephera kutembenuka, ndiye ankachapa, ndiye ankapukuta misozi. Ndipo nayenso mayi anamuuza ndi pakamwa pawo kuti ndi manja ake.

"Amayi, munanamiza ndani pa awirife?" anafunsa Dziwani.

"Sindinanamize munthu," anayankha a Nachisale motsitsa. "Tsiku limene ndinkakuuza iwe, ndinkaona choncho. Tsiku limene ndinkamuuza uyu, ndinkaonanso choncho. Chiuno n'changa, koma sichindiuza zoona."

Pofuna kuziziritsa moto, anatchula za nsungwi ndi za chifuwa chija. Apo ana awiriwo, amene anali atangotsala pang'ono kugwirana pakhosi, anagwirizana msanga. Dziwani anati mkamwini ndi mlendo, ng'ombe ya bambo awo singaoloke mtsinje. Esinala anati iye anaona ndi maso ake mayi akulira pothawa munthu ameneyu, ndipo kuzunza wodwala si mankhwala. Kenaka anatembenukira kunkhokwe.

"Alamu, tiuzeni pano anthu akumva. Munkachitira dala kuti amayi aziyenda, kapena munkangowasowetsa mtendere?"

Chikakuda sanatembenuke. Kuvomera kuti ankachitira dala kunali kuvomera kuti ankathamangitsa apongozi ake ngati nkhuku, chinthu choti mkamwini sangachinene n'kugonanso pamudzipo. Anayankha akuyang'ana nkhokwe.

"Ine ndinkatsata mthunzi."

"Ndiye ng'ombe tiipereke kwa mthunziwo," anatero Dziwani.

Koma a Nachisale anakumbukira chinthu china. Tsiku lina ali panjira ya kudimba anacheuka mwakabisira, n'kumuona mkamwiniyo atakhala pambalambanda, dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu, mlaza ukuthyokera m'manja. Panalibe mthunzi pamenepo ngakhale wa chitsa. Kapena maso awo anawanamiza? Kumufunsa sakanatha, ndipo kunena zimenezi pagulu kukanaulula kuti anayang'ana mkamwini wawo.

Mayiwo anayesa kunena zoti ng'ombeyo iphedwe agawane nyama, koma onse anakana, poti Chifunga anali ndi bere. Anayesa zoti adikire mwana wa ng'ombeyo, koma Esinala anawerenga pa zala kuti ng'ombe ziwiri sizikwana anthu atatu, ndipo Dziwani anati lumbiro linatchula Chifunga, linatchulanso munthu mmodzi. Iye anati ngati kukankha njinga kwake kunali kopanda pake, mayi anene, asamavutike n'kuoloka mitsinje. Esinala anati ngati madzi ofunda ndi madzi chabe, mayi anene, naye ali ndi ana ofuna phala mmawa. Za Chikakuda, aliyense ankadziwa kuti Tiyese wakhwima miyendo, ndipo achibale ayambiranso kunong'ona zomusudzula. Popanda chomumanga pamudzipo, chifuwa chija chikanaoloka mtsinje osabweranso.

A Nachisale anayang'ana kabotolo m'dzanja la Esinala, anayang'ana chingwe m'dzanja la Dziwani, anayang'ana nsungwi zolowera kudimba. Ankadziwa kuti akatchula dzina limodzi, awiri otsalawo afooka, ndipo mphasa ija ikuwadikirabe pakhonde. Akapanda kutchula, akhala mayi wolumbira zabodza pamaso pa ana ake. Pamenepo Tiyese anatsetsereka pamiyendo pawo, kuzungulira kumbuyo, n'kuwayala nsalu ija pamsana. Mayiwo anatsegula pakamwa, koma dzina silinatuluke.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, athandizeni a Nachisale, poti dzuwa likupendeka ndipo mwana akudikira kuberekedwa. Chifunga apite kwa Dziwani amene anapeza matenda obisika, koma analetsa kuthowa? Apite kwa Esinala amene sanaphonye mmawa popanda chifukwa, koma akanawagoneka mayi ake mpaka kalekale? Kapena kwa Chikakuda amene anawayendetsa mpaka kudimba, koma iye mwini akuti ankangotsata mthunzi? Mukanakhala inu pakhonde paja, chingwe chija mukanapatsa yani?