Waifai ya Aliyense

Pamzere wa timashopu panali kasitudiyo ka bambo wina wojambula zithunzi, munthu woti mawu akuti "ayi" ankamutsamwa pakhosi. Atagula waifai yotumizira zithunzi kwa makasitomala, anaisiya yosatseka.

"Bambo, ikanipo mawu achinsinsi," anatero mkazi wake akupukuta kauntala. "Kompyutayi ili pawaifai yomweyi, ndipo muli zithunzi za eni ake."

"Mayi, mphepo amaiikira loko? Anzathuwa zinthu zikuwavuta, asiyeni adyerere."

Anadyereradi. Wometa tsitsi wa shopu yoyandikana, ogulitsa zovala, ngakhale anthu osadziwika kochokera, onse ankatandala pakhonde mitu ili zyoli pamafoni. Ankamutchula kuti "bwana wathu", iye n'kumayenda mapewa ali m'mwamba.

Tsiku lina kunalowa mayi wina maso ali psuu, n'kuponya foni pakauntala. Mwana wawo wamkazi anali atajambulitsa pomwepo zithunzi zokonzekera ukwati. Tsopano nkhope ya mtsikanayo inali itamatidwa pathupi lamaliseche la munthu wina, ndipo chithunzicho chinali chitazungulira m'mafoni a anthu.

"Zithunzi izi sitinazitenge n'komwe, zinali kwa inu nokha," anatero mayiwo. "Mwana wanga sakutuluka m'chipinda, sakudya. Mnyamata amati amukwatire uja wabwerera m'mbuyo. Anakulakwirani chiyani?"

Nkhaniyo inafika kupolisi. Apolisi anatenga kompyuta, n'kupeza kuti wina analowera pawaifai yosatsekayo n'kukokola zithunzi. Koma ndani? Pakhomo lopanda chitseko mapazi sawerengeka.

Wojambula uja anatuluka pakhonde kukafunsa anthu ake aja. Palibe anadzutsa mutu.

"Ife timangoonera mpira, achimwene," anatero wometa.

Mbiri inawanda ngati moto wolusa. Makasitomala anabwera kudzalanda zithunzi zawo, ena akutukwana, ndipo kamera inayamba kuchita fumbi. Apo m'pamene wojambulayo anaika mawu achinsinsi pawaifai.

M'mawa mwake wometa uja anasuzumira pakhomo, foni ili m'manja, nkhope ili ndwii. Sanafunse za mtsikana wochititsidwa manyazi, sanafunse za ntchito yomwe inafa.

"Achimwene, mwatseka? Kodi mwayamba liti kuumira chonchi? Anthutu akukunenani panjapa."

Wojambulayo anangokhala pansi, manja ali m'mutu. Akuluakulu sananame: chisoni chidapha nkhwali.