Nkhokwe Zomangidwa M'khwawa

Kale ndithu, misewu isanalambulidwe, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri munali munthu wosema mitondo, dzina lake Kalimbakatha. Anali munthu wa mafunso. Akaona kuti chiswe chadya mtengo uwu n'kusiya uwo, ankaima pamenepo mpaka kuiwala chimene wanyamulira nkhwangwa. Anzake ankamuseka kuti tsiku lina adzafunsa nkhuku chifukwa chake ilibe mano.

Mvula inavuta zaka ziwiri zotsatizana. Chaka chachitatu mitambo inkangosonkhana n'kubalalikanso, ndipo aliyense akasuzumira m'nkhokwe mwake, ankapeza mapira atatsala pang'ono kutha.

Pamenepo panadzuka mlenje wina wa pakamwa pokoma, dzina lake Chikutumbwe. Ankakwera pachulu n'kumauza anthu kuti mvula sinathawe yokha, koma yamangidwa. Oimanga, iye ankatero, ndi anthu ophika mchere, mabanja asanu amene anachokera kuchigwa zaka khumi m'mbuyomo n'kupatsidwa malo kumalire a mudzi. Ankati utsi wa mchere wawo ndiwo ukupirikitsa mitambo, ndipo akuluakulu a pabwalo sanganene kanthu poti anadya mchere wa alendowo. Ankati wonena zoona ndi iye yekha. Ankadziwa kuseketsa anthu, ndipo akaseka ankawauza kuti amene ali kumbali yake amange luzi lofiira padzanja. Mwezi usanathe, dzanja lopanda luzi linkasowa m'mudzimo.

Nkhaniyi inamukhudza Kalimbakatha, pakuti mwana wake Nanzunga anakwatiwa ndi mmodzi wa ophika mcherewo, ndipo anali ndi khanda kumsana. Koma kuwonjezera pa nkhawa, chinthu china chinkamudabwitsa. Anthu omwewo amene mwezi wathawu ankasinthanitsa mapira ndi mchere akucheza bwinobwino, lero ankapatuka njira akaona Nanzunga. Kodi mitima ya mudzi wonse ingatembenuke bwanji msanga chotere? Kodi zoterezi zinayamba zachitikapo?

Funso limeneli anapita nalo kwa malume ake, a Mbalule, nkhalamba yosaona imene inkangokhalira kuluka mphasa pakhonde. A Mbalule anamvetsera zala zawo zikuyendabe pabango. Kenako anafunsa ngati munthuyo wapatsa anthu chizindikiro. Atamva za luzi lofiira, anasiya kuluka.

“Ife tinkadzola phulusa pamphumi,” anatero.

Anafotokoza kuti iwo ali mnyamata, ng'ombe zinayamba kufa m'makola. Kunabwera munthu wina waukali, Gwedeza, woyenda ndi mkondo, amene anati ng'ombe zikufa chifukwa cha osula makasu, poti moto wa m'ng'anjo zawo ukupsereza mpweya. Mudzi wonse unadzola phulusa n'kuthamangitsa osulawo.

“Inunso munali pomwepo, malume?”

“Ndinaponya nawo miyala, mphwanga. Wina mwa iwo ndi amene anandisulira kampeni kanga koyamba.”

Kalimbakatha anafunsa ngati ng'ombe zinaleka kufa. A Mbalule anapukusa mutu. Zinapitiriza kufa, ndipo Gwedeza anati ena mwa odzola phulusa akungonamizira, mitima yawo ili kwa osula. Anayamba kuthamangitsana okhaokha, msuweni kuloza msuweni. Matenda a ng'ombe anatha paokha, Gwedeza anasowa ndi mbuzi zimene anthu ankamupatsa, ndipo mudzi unalima ndi timitengo zaka ziwiri chifukwa chosowa wosula khasu.

Anawonjezanso zimene mayi awo anawauza. Pa nthawi ya dzombe, kale kwambiri, kunali mayi wina, Nasikelo, amene ankati amalota. Iye sankakalipa ayi, ankalankhula monong'ona misozi ili m'masaya, n'kumatchula akazi amasiye kuti ndiwo aitana dzombelo. Omutsatira ankameta mutu mbali imodzi.

Pobwerera kwawo Kalimbakatha ankayenda pang'onopang'ono, akuika anthu atatuwo pamodzi m'maganizo mwake. Sankafanana konse. Wina ankalira, wina ankakalipa, wina ankaseketsa. Mavuto akenso anali osiyana, ndipo onse anali mavuto enieni. Koma aliyense wa atatuwo anapeza anthu ali ndi mantha, n'kuloza kagulu kopanda okateteza, n'kunena kuti iye yekha ndiye akuona. Ndipo vuto likapanda kutha, woloza uja sankavomera kuti walakwa, ankangoloza winanso.

Masiku omwewo Chikutumbwe anabwera ndi nzeru ina. Anati alendowo akufuna kutentha nkhokwe za m'mudzi, choncho mapira onse asonkhanitsidwe pamalo amodzi obisika, pamene omutsatira azilondera. Malo amene anasankha anali khwawa louma lotsika kuphiri, lakuya ndi lobisika ndi zitsamba. Anthu anamangamo nkhokwe zinayi zikuluzikulu n'kututiramo chakudya chawo. Anagwirizananso kuti pakapita masiku atatu, ophika mchere achoke.

Tsikulo litakwana, anthu anasonkhana pabwalo dzuwa lili pamutu, ena atanyamula zibonga. Kalimbakatha anafika atagwira malume ake padzanja. Anapempha kuti angofunsa kanthu kamodzi, ndipo anthu anaseka, poti ankamudziwa.

“Ndimati ndidziwe,” anatero, “khwawa limene mwaikamo chakudya lija, analikumba ndani?”

Wina anayankha kuti analikumba madzi.

“Nanga mwini wake akadzabwera?”

Chikutumbwe anati m'khwawamo simunadutse madzi kwa zaka zitatu, ndipo sadzadutsamo mpaka alendo achoke. Anthu anaomba m'manja. Kalimbakatha sanatsutsane naye. Anangopempha a Mbalule kuti anene za phulusa ndi za osula. Nkhalambayo inanena zonse, osabisa za miyala imene inaponya. Achinyamata ankang'ung'udza, koma amayi ena achikulire anazolika, chifukwa anakumbukira kuti makolo awo ankatchulapo zaka zolima ndi timitengo.

Pomaliza Kalimbakatha anati: “Ine za mvula sindizidziwa. Koma mverani izi, mudzandiyese nazo. Mvula ikapanda kugwa anthuwa atachoka, a Chikutumbwe adzati pakati panu pali ovala luzi mwachinyengo. Ikagwa n'kuwononga kanthu, adzati aituma ndi alendo. Mawuwa si awo ayi, anawanenapo ena iwo asanabadwe.”

Mkangano unatenga nthawi. Ena ankati alendo achoke lero lomwe, ena ankati adikire kaye mawa. Ali mkati mokangana, mphepo yozizira inawomba kuchokera kuphiri, ndipo atakweza maso anaona nsonga ya phiri yaphimbidwa ndi mtambo wakuda. Pamudzi panangogwa madontho owerengeka, koma kumtunda inagwa yamphamvu. Pasanapite nthawi anamva mkokomo ngati wa ng'ombe zambiri zothamanga. Anthu anataya zibonga n'kuthamangira kukhwawa. Anapeza madzi ofiira adzaza mpaka m'mphepete, atakokolola nkhokwe zitatu. Yachinayi inali itapendekeka, yakodwa pamtengo wa mkuyu.

Oyamba kulowa m'madzi anali amuna ophika mchere aja, poti anakulira kuchigwa ndipo madzi osefukira ankawadziwa. Mwamuna wa Nanzunga anadzimanga chingwe m'chiuno, anzake atagwira kumtunda, n'kumatulutsa mapira dengu limodzilimodzi mpaka nkhokweyo inatha.

Anthu ataima m'matope akuyang'ana chakudya chochepa chimene chinapulumuka, Chikutumbwe anakwera pamwala n'kukweza mawu.

“Mwaona tsopano mphamvu zawo? Madzi awa awatuma ndi iwowa!”

Anthu anangoyang'anizana, kenako n'kuyang'ana Kalimbakatha. Mayi wina amene mapira ake onse anapita ndi madzi anadula luzi la padzanja lake ndi mano n'kulilavulira pansi. Ena anachita chimodzimodzi, mwakachetechete, ngati anthu ogwidwa ndi manyazi.

Ena ankafuna kuti Chikutumbwe ndiye athamangitsidwe, koma a Mbalule anakana. Anati atopa kuona anthu akuthamangitsidwa m'mudzi umenewo, ndipo mlenjeyo akhale, azisaka nyama kudyetsa ana amene wawasowetsa chakudya. Chaka chimenecho njala inaluma ndithu. Mudzi unapulumukira mchere umene alendo aja ankapita nawo kutali kukasinthanitsa ndi chinangwa.

Kuyambira pamenepo, munthu akayamba kuloza anzake chala pa nthawi ya mavuto, anthu a kumeneko ankakumbutsana kuti, “Madzi saiwala khwawa.”

Tanthauzo lake n'lakuti chimene chinachitikapo chimatha kubwereranso, ndipo chikamabwera chimadzera njira yake yakale, ngakhale papite zaka zambiri. Khwawa louma limaoneka ngati malo abwino, koma mwini wake alipo. Mantha a anthu nawonso ali ndi khwawa lawo. Amene amabwera kudzawagwiritsa ntchito amasintha nkhope, mayina ndi nyimbo, koma amayenda momwe anayendamo anzawo. N'chifukwa chake inu ana, mukadzamva munthu akunena kuti mavuto anu onse abwera ndi anthu akutiakuti, ndipo wokupulumutsani ndi iye yekha, musadzafulumire kuomba m'manja. Mudzayambe mwafunsa amene anakhalapo kale kuti njira imeneyo inawafikitsa kuti.