Masekondi Awiri a Amalume

Mwamva zimene anthu akunong'onezana za kufakitale yopakira shuga ija? Akuti amalume ake a Mphezi sanapume pantchito mwa kufuna kwawo ayi. Ine anandiuza ndi mchemwali wake weniweni wa Mpheziyo, ndiye khalani pansi.

Mphezi amalemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo dzinalo anam'patsa chifukwa cha liwiro la zala zake. Ntchito anam'pezera ndi amalume akewo, amene kalekale analemba kachigawo ka pulogalamu kowerenga sikelo. Shuga akakwana m'thumba, kachigawoko kamauza makina kuti asoke. Koma chilankhulo chake chinali chija kompyuta imachita kuwerenga mzere ndi mzere ngati mwana wa sitandade wani. Mphezi zinkamuwawa koopsa.

"Malume, chinthu chanuchi n'kamba," anatero. "Ndichilembanso m'chilankhulo chokompayila, chimene makina amangomeza osatafuna."

"Lemba mphwanga. Koma ukakumana ndi chachilendo, undifunse."

Anakumana nachodi: kamzere kouza kompyuta kuti idikire masekondi awiri, popanda chifukwa cholembedwa. Amalume anali pomwepo, desiki yachitatu, akupukuta magalasi. Mphezi anawayang'ana, n'kuseka chamumtima. Ati kufunsa aoneka mwana. Anafufuta kamzereko, amalume n'kusaina osawerenga, poti mwana wa mlongo wawo ankamukhulupirira.

Sabata yoyamba, eee, matumba ankathamanga ngati akuthawa mvula! Abwana mpaka anam'gwira chanza pamaso pa anthu.

Sabata yachiwiri malole atatu anabwerera pageti. Matumba onse operewera. Kani shuga akamakhuthukira m'thumba amagunda sikelo mwamphamvu, nambala n'kudumpha, kenako n'kutsika. Masekondi awiri aja anali odikira kuti sikelo ikhazikike.

"Anavomereza zimenezi ndani?" abwana anakalipa.

Amene anaimirira ndi amalume.

"Ndine, bwana. Siginecha ndi yanga."

Tsiku lomwelo ananyamula kapu yawo ndi kakhushoni ka pampando. Mphezi, misozi ili lengelenge, anawapeza pamasitepe.

"Malume, bwanji simunalembe chifukwa chake?"

"Pamenepo ndinalakwadi," anayankha mofatsa. "Koma kuchoka padesiki yako kufika payanga, ndi masekondi angati?"

Kamzere kaja Mphezi anakabwezeretsa. Pulogalamu yake ikadali yaliwiro, zoona, koma thumba lililonse likaima kudikira, iye maso amapita padesiki yachitatu, pamene pano anaikapo makatoni. Mayi ake kunyumba amangom'patsa moni wa m'mawa basi. Nambala ya foni ya amalume wakhala akuitsegula n'kuitseka mwezi wathunthu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chowawa n'chakuti phula anatafuna Mphezi, koma mano anaguluka a amalume. Nanga inuyo mukanakhala amalumewo, foni yake itaitana, mukanayankha?