Wailesi ya Akalipentala

Mumsewu umenewo munalibe munthu wodziwa zambiri kuposa Ometa, ndipo amene ankanena zimenezi anali Ometa eni ake. Kachipinda kawo kanali ndi mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi ya odikira imene sinkasowa nkhani.

Tsiku lina azaumoyo anaitana ometa, osoka ndi ogulitsa m'magolosale kumaphunziro a masiku awiri, kuti adziwe kuzindikira munthu amene akuganiza zodzipha ndiponso mmene angamuthandizire. Kalatayo anabwera nayo alamu awo, mayi wosoka zovala pakhomo loyandikana ndi lawo.

"Alamu, tiyeni tikaphunzire," anatero mayiwo.

"Ine? Zaka makumi awiri ndikugwira mitu ya anthu, ndiye wina akandiphunzitse za m'mutu? Pitani nokha, mukanditengereko cholembera."

Anapitadi okha. Atabwerako anayesa kufotokoza zimene anamva, koma Ometa anayatsa makina ometera, mawu onse n'kumira m'phokoso.

Mwa makasitomala akale munali Akalipentala, bambo wofatsa amene akazi awo anamwalira chaka chapitacho. Chichitikire maliro, ankangokhala duu pabenchi, ndevu zili nyankhalala. Ometa ankawakonda kwambiri, koma mankhwala amene ankadziwa anali amodzi okha: nthabwala.

Lachinayi lina m'mawa, Akalipentala anatulukira akumwetulira, atanyamula wailesi yawo, ija sankalola ndi mwana wawo yemwe kuikhudza. Anametetsa bwinobwino, kenako anaika wailesiyo patebulo.

"Iyi ndi yanu, achimwene. Ine sindidzaifunanso. Ngati ndinakulakwiranipo, mundikhululukire."

Ometa anangoti laponda lamphawi. Sanafunse kanthu. Mwini wake atangotuluka, anakweza nyimbo mpaka galasi kunjenjemera, akuvina ndi chipeso m'manja.

"Alamu, bwerani mudzaone! Munthu uja wachira. Nthabwala zanga zagwira ntchito!"

Alamuwo atamva mawu amene Akalipentala anasiya, nkhope yawo inasintha.

"Munthu wagawa chinthu chimene amachikonda, wapepesa, akuti sadzachifunanso. Inu munawafunsa chifukwa chake?"

"Aa, mphatso amaifunsa ngati?"

"Tsekani chitseko, tiyeni."

Akalipentala anawapeza kushedi kwawo kopalira matabwa. Pansi anali atasesa, zida zonse atazimanga m'mitolo, mtolo uliwonse uli ndi dzina la munthu woti adzatenge. Ometa ataona dzina lawo pa mtolo wa nyundo, mantha anawagwira.

Alamu anakhala pathabwa pafupi ndi bamboyo, n'kufunsa mosazungulira.

"Bambo, kodi mukuganiza zodzipha?"

Ometa analakalaka nthaka itawameza. Iwo ankakhulupirira kuti ukatchula mawu amenewo ndiye kuti wamupatsa munthu maganizo. Koma Akalipentala anausa moyo, misozi n'kuyamba kutsika.

"Eya, mayi. Chaka chonsechi palibe anandifunsapo."

Alamu sanalalikire ndipo sanadzudzule, anangomvetsera. Ometa nawo anakhala ola lathunthu osayankhula, chinthu chimene akazi awo mpaka lero amati n'chabodza. Bamboyo atamaliza kufotokoza, Alamu anaimbira foni mng'ono wa Akalipentala, ndipo atafika, onse atatu anawaperekeza kuchipatala kukaonana ndi mlangizi. Masiku otsatirawo ankasinthana kukhala nawo, kuti asatsale okha.

Mtima suchira tsiku limodzi. Panapita miyezi, masiku ena abwino, ena olemera. Koma Lachinayi lina Akalipentala anafika akudandaula kuti benchi ya Ometa ikugwedera, ndipo anabwereranso ndi nyundo yawo kudzaikhoma.

"Tengani wailesi yanu," anatero Ometa. "Imatha mabatire ngati ili ndi njala."

"Inu mumaikweza kwambiri, achimwene."

Anaseka onse awiri, koma Ometa anatembenukira kugalasi long'aluka kuti misozi yawo isaoneke.

Maphunziro aja atabweranso, Ometa anali oyamba kufika. Anakhala mpando wakutsogolo, n'kufunsa mafunso mpaka aphunzitsi kupempha madzi akumwa. Masiku ano kasitomala akakhala chete mopitirira, iwo amazimitsa makina n'kumufunsa mmene mtima ulili, ndipo amadikira yankho.

Alamu awo sasiya kuwaseka. "Kodi si inu munkadziwa mitu yonse?"

Ometa sakana. Amakumbukira tsiku limene anavina nyimbo ya m'wailesi ya munthu amene ankawatsanzika. Ankayesa kuti alandira uchi, osadziwa chimene anali kutafuna. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.