Maliro a Abu Faresi

M'mawa wina Abu Faresi, mkulu wa asilikali wa kwathu kuno kumapiri, anakhala kukhitchini akusenda lalanje ndi mpeni wake wankhondo. Nkhondo itatha bamboyu anasanduka wandale, ndipo chisankho chinali pafupi. Koma mtima wake sunali m'malo, ankakayikira aliyense, ngakhale Jirjisi, wachiwiri wake.

"Em Faresi," anaitana mkazi wake, "mawa mumate zikalata za maliro anga m'makoma monse. Ndione amene aseke."

"Bambo inu, imfa sachita nayo masewera. Belu la tchalitchi likakulirirani, ndiye kuti lalira basi."

"Mayi, zipolopolo zinandilephera ine. Ndiye ndiope belu?"

Ndiye anabisaladi m'chipinda chosungira mafuta a azitona. Belu linalira pang'onopang'ono, bokosi lodzaza miyala linakwiriridwa, anthu n'kumabwera kudzamwa khofi wowawa wa pamaliro. Ena amati olira kwambiri anali omwe aja anawawotchera nyumba pankhondo, kaya nanga misozi yake inali yanji.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, munthu uja anatulukira pabalaza atavala yunifolomu, nyota zili mbuu paphewa. Anthu opepesa maliro anali adakali m'nyumbamo. Jirjisi anali atakhala kale pampando wa Abu Faresi.

"Dzuka, galu iwe! Ndabwera!"

Jirjisi anamuyang'ana ngati akuyang'ana khoma, kenako anatembenukira kwa anthu. "Abale, Abu Faresi tinamuika Lachiwiri, ndi manja athuwa. Alipo amene wamva mawu?"

Onse anawerama. Wansembe anangotsokomola. Palibe anamva, ngakhale mmodzi!

Chichokereni tsikulo, mudzi wonse unangogwirizana popanda kupangana. Akapereka moni, palibe woyankha. Wophika buledi amadumpha dzanja lake n'kugulitsa wa pambuyo pake. Dzina lake analifufuta pa mndandanda wa chisankho, Jirjisi n'kupambana. Em Faresi mpaka lero amavala zakuda, ndipo Lamlungu lililonse amakaika maluwa pamanda, mwini manda ali pambuyo pake kumuchonderera kuti angomutchula dzina kamodzi kokha.

Dzulo masana ndinakumana naye pachitsime, waonda ngati ndodo. Anati, "Mwanawe, ukundiona?" Ine ndinangoyang'ana pansi mpaka anadutsa. Sindinamve n'komwe mgugu wa nsapato zake.

Zoonadi, madzi akatayika saoleka.