Tsiku Lomwe Kaso Anatsekera Madokotala Panja

Pamwamba pa sitolo yogulitsa mapaipi ndi utoto panali kaofesi ka zipinda ziwiri, momwe munkagwira ntchito anthu awiri obadwa bere limodzi. Wamkulu anali mayi wosachulutsa gaga m'diwa, ndipo ndiye ankasamala maseva, makompyuta aakulu omwe amasunga mapulogalamu. Mlongo wake wamng'ono anali wa maonekedwe: mitundu, zilembo, mabatani, zonse zomwe diso limakumana nazo munthu akatsegula tsamba la pa intaneti. Chifukwa chokonda zosalala, anzake anamupatsa dzina loti Kaso, ndipo iye analilandira ndi manja awiri.

Kasitomala wawo wamkulu chinali chipatala china chomwe si cha boma. Anachipangira pulogalamu ya zotsatira za ku labu, ina ya mankhwala, ina ya mbiri ya odwala. Zonsezi zinali ndi khomo limodzi. Namwino kapena dokotala akafuna kulowa, ankayamba wafika pa seva yozindikira anthu, n'kulemba dzina ndi pasiwedi, sevayo n'kumutsegulira. Tsamba lolowerali linali lotuwa ngati phulusa, monga momwe linabwerera ndi seva, ndipo mwini chipatala anapempha kuti likhale ndi chizindikiro ndi mitundu ya chipatala chake.

"Ntchito yako imeneyo," anatero mchemwali wake. "Koma usagwetse nyumba. Umange pamwamba pa maonekedwe akalewo, ungosintha mitundu ndi chizindikiro. Ndipo ukumbukire kuti tsamba lolowera si limodzi. Pali la woiwala pasiwedi, pali la amene pasiwedi yake yatha nthawi, palinso lija madokotala amalembapo nambala yobwera pa foni."

"Achemwali, inu mumanditenga ngati wopaka laimu," anayankha Kaso. "Ine ndikufuna munthu akatsegula tsambali ayambe waima kaye, aliyang'ane."

"Munthu wothamangira wodwala safuna kuima."

Kaso anaseka, koma mawuwo anamubaya. Kwa zaka zambiri makasitomala akabwera ankalunjika pa desiki ya mchemwali wake, iye n'kumangopatsidwa moni wa pamapeto. Ulendo uno anafuna chinthu choti aliyense akachiona adziwe kuti ndi dzanja la Kaso.

Masamba onse olowera amakhala m'chimango chimodzi. Kaso anataya chimango chakalecho n'kupanga chake, choyezera tsamba loyamba lokha. Kumbuyo anaikako chithunzi chachikulu cha namwino akumwetulira, ndipo mabokosi a dzina ndi pasiwedi ankatulukira pang'onopang'ono ngati mwezi ukutuluka m'mitambo. Panali kabokosi kofiira komwe kamauza munthu kuti walakwitsa pasiwedi kapena kuti akaunti yake yatsekedwa. Kameneko anakaona ngati chipsera pankhope ya mkwatibwi, ndipo anakachotsa. Anayesa ntchito yakeyo pa kompyuta yake, ndi akaunti yongoyerekezera yomwe sinkafunsa nambala ya pa foni. Inalowa bwinobwino, iye n'kudzigugudza pachifuwa.

Tsiku lomwe mchemwali wake ankatengera bambo awo kwa dokotala wa maso ku tauni ina yakutali, anaima pakhomo makiyi a galimoto ali m'manja.

"Uike pa seva yoyeserera yokha. Ndikabwera tidutsa tsamba lililonse limodzi, kenako tiika pa yeniyeni."

"Ndamva, achemwali."

Anamvadi, koma ndi khutu lakunja. Dzulo lake anali atatumizira kale mwini chipatala chithunzi cha tsambalo, ndipo m'mawa womwewo bamboyo anaimba foni mawu ali odzaza chimwemwe.

"Achimwene, muli ndi dzanja. Lero ndili ndi alendo ofuna kugwira nafe ntchito, ndipo ndikufuna aone zimenezi pa kompyuta iliyonse. N'zotheka?"

Kaso anayang'ana mpando wopanda munthu wa mchemwali wake. "N'zotheka, bwana."

Anatumiza mafayilo ku seva yeniyeni, n'kusankha maonekedwe atsopanowo pa khomo la ogwira ntchito pachipatala. Poona kuti khomo la oyang'anira seva, lomwe iye ndi mchemwali wake ankalowerapo, latsala lotuwa, analivekanso chovala chomwecho kuti zonse zifanane. Kenaka anatuluka mu akaunti yake kuti aone tsambalo monga momwe mlendo angalionere. Linali lokongola zedi. Anakhala akuliyang'ana mpaka tiyi wake anazizira.

Foni yoyamba inachokera kwa mkulu wa anamwino, mayi wa mawu odekha amene sankakonda kuimba popanda chifukwa.

"Bambo, tsamba lanu talilandira. Koma madokotala sakulowa. Akalemba pasiwedi, nambala ikufika pa foni, koma poilemba palibe. Pakungooneka chithunzi."

Kaso anatembenukira ku kompyuta yake. "Ndipatseni kanthawi, mayi, ndibwezeretsa lakale."

Analemba dzina lake ndi pasiwedi. Foni yake inalira, nambala inafika. Pa sikirini namwino uja ankangomwetulira, popanda bokosi, popanda batani. Akaunti za oyang'anira nazonso zinkafuna nambala ya pa foni. Anayesa njira yotumizira mafayilo ija, nayo inamubweza ku tsamba lomwelo. Anali atakhoma nyumba, kiyi n'kumusiya m'kati. Wotha kulowa mu seva chakumbuyo, osadzera pa tsambalo, anali mchemwali wake yekha.

Anamuimbira. Foni sinkapezeka, chifukwa msewu wopita kumeneko umadutsa m'mapiri mopanda netiweki. Anaimbira ya bambo awo, chimodzimodzi. Anatumiza uthenga, n'kutumizanso wina.

Mkulu wa anamwino anaimbanso, ndipo ulendo uno kudekha kuja kunali kutachepa. Anamwino omwe ankalakwitsa pasiwedi sankauzidwa kanthu, poti kabokosi kofiira kanachotsedwa. Ankangobwerezabwereza mpaka seva inawatsekera akaunti, osadziwa n'komwe.

"Bwerani kuno," anatero mayiwo. "Ngati simungakonze, mudzaone ndi maso anu."

Kaso anakwera njinga yamoto, laputopu ili kumsana. Atalowa m'chipatala anapeza mabenchi atadzaza, ena ataima chotsamira khoma. Wa ku labu ankathamanga m'khonde ndi timapepala tolemba pamanja. Pa kauntala, ku famasi, m'chipinda cha dokotala, kompyuta iliyonse inali ndi namwino womwetulira uja. Mwini chipatala anadutsa ndi alendo ake, n'kumuyang'ana Kaso ngati sakumudziwa.

Mkulu wa anamwino anamugwira mkono n'kupita naye m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Pabedi panali kamtsikana ka msinkhu woyamba sukulu, thupi lili moto, kakupuma mobanika. Pambali pake panaima azakhali ake, atagwira nsapato za mwanayo m'manja. Dokotala anali ndi kabotolo ka jakisoni, koma anali asanakatsegule.

"Mwanayu ndinamuonapo kale," anatero dokotala, osakweza mawu. "Ndikukumbuka kuti pali mankhwala ena omwe amamuwenga koopsa, koma sindikukumbuka kuti ndi ati. Zili mu mbiri yake. Makolo ake ali paulendo, foni sakuyankha. Azakhaliwa sakudziwa."

"Ine ndangomutenga kusukulu ataimba aphunzitsi," anatero azakhaliwo, akuyang'ana Kaso. "Inu ndi amene mukonze, eti bambo? Konzanitu."

Kaso anatsegula laputopu pa tebulo la mabandeji, osati chifukwa choti anali ndi chochita, koma kuti manja asangokhala lende pamaso pa mayiyo. Malaya anamata pamsana ndi thukuta. Dokotala anamupatsa mwanayo mpweya ndi mankhwala otsitsa kutentha, n'kuika kabotolo kaja m'thumba. Anati adikira pang'ono, koma mwanayo akapitiriza kufooka abaya basi, zikhale momwe zikhalire. Kupuma kwa mwanayo Kaso ankakumva ngati macheka akudula thabwa lonyowa.

Foni itanjenjemera m'thumba, Kaso anatsala pang'ono kuigwetsa. Anali mchemwali wake, atangotuluka m'mapiri muja.

"Ndaona mauthenga ako. Waika pa khomo liti?"

"Onse awiri, achemwali."

Kunamveka mpweya wautali. Sanamukalipire, ndipo Kaso akanakonda akanamukalipira. Anamva galimoto ikuima, chitseko chikutseguka, ndi mawu a bambo awo akufunsa ngati tayala laphulika. Mchemwali wakeyo anaika laputopu pa boneti m'mbali mwa msewu, n'kulumikiza ndi foni yake. Netiweki inkabwera n'kuthawa. Anafika mu seva, n'kudukanso, n'kuyambiranso.

"Usadule foni. Uwauze ayese tsopano."

Dokotala anatsitsimutsa tsamba. Namwino womwetulira uja anazimiririka, m'malo mwake munabwera tsamba lotuwa lakale lija. Analemba pasiwedi, bokosi la nambala linatulukira, ndipo mbiri ya mwanayo inatseguka. Anawerenga, kenako anatulutsa kabotolo kaja m'thumba n'kukaika patali pa shelefu. Dzina lomwe linali pa kabotoloko ndi lomwe linalembedwa mofiira pa sikirini. Anatuma namwino kukatenga mankhwala ena, ndipo palibe amene anamuyang'ananso Kaso. Iye anatuluka n'kukakhala pa sitepe panja.

Mwanayo anachira, ngakhale anagonekedwa nthawi yotalikirapo chifukwa cha kuchedwako. Mwini chipatala, yemwe uja ankati Kaso ali ndi dzanja, anaiwaliratu kuti ndi iye anafulumizitsa zinthu. Anauza mchemwali wa Kaso kuti ntchito ipitirira pokhapokha mlongo wakeyo asadzakhudzenso chilichonse cha chipatalacho. Mayiyo anavomera, ndipo anachotsa akaunti ya Kaso pa seva yeniyeni iye akuona.

"Sindikukulanga," anatero. "Kungoti ndikufuna kuti ndikakhala pamsewu mtima uzikhala m'malo."

Maonekedwe atsopano anawapangabe Kaso, koma pa seva yoyeserera, pamwamba pa chimango chakale. Anadutsa tsamba ndi tsamba, akudzilakwitsa dala pasiwedi, akudzitsekera akaunti, akuyesa pa foni yosweka galasi ndi pa kompyuta yokalamba. Mchemwali wake ndiye anakaika ndi kukapereka, ndipo kuchipatala mpaka lero amayamikira mayiyo kuti anawapangira tsamba labwino.

Ambirife diso limatinamiza, pa ntchito ngakhale posankha anthu. Timaona kuwala kwa kunja n'kuganiza kuti zonse zili m'chimake, osatsegula kuti tione zomwe zabisala. Akuluakulu anaziona kale pamene ananena kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.