Thabwa la Pansi

Kwa masiku atatu, m'nyumba ya akapitawo munalibe chinthu chokhala pansi. Matiresi anali pamwamba pa tebulo, mipando pamwamba pa matiresi. Makina osokera a mayi a m'nyumbamo, makina amene anaphunzitsa ana anayi sukulu, anawamasula pa tebulo lake lachitsulo n'kuwamangirira ku mitanda ya denga. Mayiwo ankati akadutsa pansi pake n'kuyang'ana m'mwamba, ngati munthu woonetsetsa kuti mwana akupuma.

Nyumbayo inali yoyamba kuchokera pa mpata wa khoma la mtsinje. Mtsinje waukulu anautchinga ndi khoma la simenti, lalitali kuposa munthu wokweza mkono, kuti ukalusa usalowe m'tauni. Koma msewu wopita ku mlatho umadutsa pakati pa khomalo, ndiye madzi akamakwera, pampatapo amatsekapo ndi matabwa khumi ndi awiri, okhuthala ngati ntchafu ya munthu. Amawatsitsa limodzilimodzi m'ngalande za mizati iwiri ya simenti, kumbuyo kwake n'kusanja matumba a mchenga. Thabwa la pansi ndilo linali lapadera. Linali ndi labala kunsi kwake kuti ligwire msewu, dontho lisadutse, ndipo lina lofanana nalo kunalibe.

Akapitawo anayang'anira mpatawo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, madzi osalowapo ndi tsiku limodzi lomwe. Ntchito ankaidziwa, tisawanamizire. Vuto linali khutu, linkangomva mawu a mwini wake. Anthu anawapatsa dzina loti a Ndinanena, chifukwa mvula ikagwa ankati, "Ndinanena ine," ikapanda kugwa, ananenanso. Nyumba yawoyo anaimanga pafupi ndi mpata mwadala, kuti tauni yonse ione kuti munthu akugona kumbuyo kwa ntchito ya manja ake.

Tsiku lachinayi kunacha bwino, dzuwa lili phwee. Pa chitsulo choyezera madzi, mtsinje unali utatsika zikhatho ziwiri kuchoka pa mzere wofiira. Malole amene anakanika kuwoloka anali atandanda mpaka kuseri kwa msika, madalaivala akuliza mahutala ngati kuti hutala imaphwetsa madzi.

Akapitawo akumwa tiyi choimirira, foni inalira. Anali mlamu wawo, mchimwene wa mayi, amene ankagwira ntchito pa damu la kumapiri, pa kamtsinje kothira mu mtsinje waukulu kumtunda kwa tauni.

"Alamu, musatsegule mpata," anatero. "Kuno dzulo mvula yagwa tsiku lonse, damu ladzaza mpaka pakamwa. Tikutsegula zitseko zonse zinayi pompano, tikapanda kutero litiphulikira. Madzi amenewa afika kwanuko cha m'ma fili koloko masana."

Akapitawo anaseka mpaka tiyi kutayikira pa shati. "Kamtsinje kanu kaja? Kamene ndimadumpha osanyowetsa nsapato? Alamu, ine ndakalambira pa mtsinje waukulu. Inu zisamalirani chithaphwi chanucho."

"Chitsulo chanucho chikukuuzani za madzi amene adutsa kale. Ine ndikukuuzani za amene akubwera."

Akapitawo anadula foni. Mayi anali atamva zonse, ataima pakhomo la kuchipinda.

"Bambo, achimwene saimba foni yachabe. Kudikira mpaka mawa kukupwetekani pati?"

"Simukumva mahutalawo? Tauni yonse ikudikira ine. Ndiye ndikawauze kuti mlamu wanga walota madzi?"

Pofuna kuonetsa kuti nkhani yatha, anakwera pampando, n'kumasula makina aja ku mitanda. Anawabwezera pa tebulo lake lachitsulo n'kumanga mabawuti onse anayi zolimba, monga ankamangira chilichonse.

"Sokani, mayi," anatero akupukuta manja. "Chaka chino tadala."

Ku mpata, matabwa khumi ndi limodzi anatuluka popanda vuto. La pansi linakana. Linamwa madzi masiku atatu, linatupa, n'kukanirira m'ngalande zake. Analikoka ndi tcheni, analitukula ndi chitsulo, koma silinasunthe.

Kalipentala wa pantchitopo, munthu wosakonda kuyankhula, anagogoda thabwalo ndi hamala. "Akapitawo, lisiyeni liume. Mawa lituluka lokha."

Koma dalaivala wina anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa: "A Ndinanena! Zaka zonsezi, lero thabwa limodzi likukugwetsani ulesi?" Anzake anafa nacho chiseko. Kuseka kumeneko ndi kumene kunagwetsa tauni, chifukwa akapitawo ankatha kupirira chilichonse kupatula kusekedwa.

"Bweretsani macheka."

"Bwana, lina lotere kulibe," anatero kalipentala. "Kupanga lina ndi sabata yathunthu."

"Ndati bweretsani macheka! Kapitawo pano ndi ndani?"

Analidula patatu. Lole yoyamba itadutsa anthu anaomba m'manja, akapitawo n'kukweza chipewa. Ena anapempha matumba a mchenga kuti akathire m'matope a pakhomo pawo, iwo n'kungoti, "Tengani, ntchito yake yatha." Mawilibala anayamba kupita ndi kubwera. Zidutswa za thabwa lija, mayi wina anasenza kuti zikauma akakolezere moto.

Nthawi itangopitirira thu koloko, kalipentala anaitana akapitawo kuti akwere pakhoma. Atakwera, kalipentalayo anangoloza kumtsinje. Madzi anali atasintha mtundu. Sanalinso otuwa ngati m'mawa, anali ofiira ndi dothi la kumapiri, atanyamula nthambi zamasamba aawisi. Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale umodzi, koma manambala a pa chitsulo ankamira akuona, imodzi, kenako ina.

"Tsekani! Imitsani malole! Tsekani mpata!"

Kutsegula kunatenga ola limodzi, koma kutseka sikuthamangika. Lole ina inali pakati penipeni pa mpata, ndipo dalaivala wake, yemwe uja wokuwa, injini inamuthimira. Anaikankha anthu makumi awiri. Pamene thabwa loyamba linkatsika, madzi anali atakwera kale pamsewu mpaka m'akakolo. Linakhala pansi, inde, koma linalibe labala, ndipo msewu pamenepo unali wokumbika ndi matayala. Kunsi kwake kunatsala malo olowa dzanja.

"Matumba! Matumba ali kuti?"

Anatsala osakwana theka. Anthu anathamanga khomo ndi khomo, n'kupeza ambiri akhuthulidwa kale m'matope. Matabwa onse khumi ndi limodzi analowa, khoma n'kuoneka lathunthu ndithu, koma pansi madzi ankatuluka. Poyamba ankatuluka ngati a mu ketulo. Kenako anayamba kufukula phula la msewu, dzenje n'kumakula, matumba amene ankaponyapo n'kumangotengedwa. Akapitawo anavula jekete n'kulikanikiza m'dzenjemo, anagwada m'madzi, phewa atatsamiritsa pa matabwa amene tsopano ankalira ngati chitseko chakale.

"Chokanipo!" anakuwa kalipentala, n'kuwakoka kolala. "Mufera thabwa? Chokanipo, akulu inu!"

Atangowakokera pa masitepe a khoma, msewu wa pansi pa mpata unagumuka, thabwa la m'munsi n'kuthyoka, enawo n'kutsatira. Mtsinje umene anautsekera kunja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi unalowa m'tauni, ndipo khomo loyamba kulipeza linali lawo.

Mayi anamva phokoso la ku mpata madzi asanafike. Sanathawe. Anatenga sipanala n'kugwada pansi pa makina. Bawuti yoyamba inamasuka, yachiwiri inamasuka movutikira, madzi akulowa kale pansi pa chitseko. Yachitatu inakana, chifukwa amene anaimanga anali ndi mphamvu komanso anali wokondwa. Anayesa kukoka makinawo ndi tebulo lomwe, koma chitsulo chimenecho chimafuna amuna awiri. Madzi atafika m'chiuno, amayi awiri oyandikana nawo anathyola chitseko n'kuwatulutsa mokakamiza, iwo akulira kuti, "Atsala mabawuti awiri okha! Ndisiyeni, atsala awiri okha!"

Madzulo a tsikulo, anthu a nyumba makumi anayi anakhala pa khonde la sukulu ya pamtunda, akuyang'ana madenga awo. Palibe amene anafa, koma palibenso amene anatulutsa kanthu, chifukwa onse anatsitsa katundu ataona mpata watsegulidwa. Nyumba ya akapitawo khoma lake la kutsogolo linali litagwa. Palibe anawatukwana. Anthu ankangosuntha pang'ono iwo akamadutsa, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kutukwana.

Foni inalira m'thumba mwawo. Anaona dzina la mlamu wawo n'kuisiya kuti izilira. Mayi anatambasula dzanja n'kuitenga.

"Tili moyo, achimwene," anatero.

"Nanga makina, chemwali?"

Mayi anadula foni n'kuyang'ana sipanala imene inali idakali m'dzanja mwawo, poti anaiwala kuitaya. Anaiika pamwendo pa amuna awo mwaulemu ndithu, ndi manja awiri.

"Nenanitu, bambo," anatero motsitsa. "Si paja mumanena?"

Akapitawo anatsegula pakamwa, koma mawu aja amene anawadyetsa ulemu zaka zonsezi sanatuluke. Mtsinje sunawanamize, unatsikadi m'mawa uja. Kungoti iwo anavina mvula ili m'njira, n'kudula ndi manja awo thabwa limene likanawapulumutsa. Akuluakulu sanalakwe ponena kuti linda madzi apite, ndiye uziti ndadala.